Tikukhalira chiyani? Mmene funso la moyo limayankhidwira ku Mulanje ndi ku Thyolo

Wofuna kudziwa chimene anthu a dera lake amati ndi moyo waphindu apite pamaliro, adikire nthawi ya mbiri ya malemu. Kaya ndi kwa Chikumbu, kwa Mabuka, ku Bvumbwe kapena ku Thekerani, wolankhula amatsata njira imodzimodzi: anabadwa chaka chakuti, sukulu analekera apa, anagwirapo ntchito pa esiteti yakuti, anali membala wa mpingo wakuti. Kenaka pamabwera chiganizo chimene khamu lonse limatchera khutu: wasiya mkazi, ana 6, zidzukulu 14 ndi zidzukulutudzi 3. Pamenepo mumamva azimayi akuvomereza chapansipansi. Palibe amene amanena zimene malemu ankaganiza akakhala payekha, kapena ngati moyowo unkamukoma. Chimene chimawerengedwa ndi anthu amene wasiya ndi magulu amene ankamudziwa.

Mndandanda umenewu ndi yankho la funso limene ambiri amati ndi la anthu okhuta kapena ophunzira mopitirira: kodi munthu amakhalira chiyani pansi pano? Funsoli limafunsidwa tsiku ndi tsiku m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje ndi m'zitunda za Thyolo, kungoti limabwera m'mawu ena. Gogo amene waika ana ake onse m'manda amati, "Nanga ine ndatsalira chiyani?" Mnyamata amene anakhoza Fomu 4 koma akupalasa kabaza pa Chitakale amati, "Sukulu ija inali ya chiyani?" Mayi amene banja lamuthera kachitatu amati, "Kaya ndinamulakwira chiyani Mulungu." Onsewa akufunsa chinthu chimodzi, ndipo akufunsa pa nthawi imene chimene chinkawayankhira chakhala chete. Kwathu kuno munthu sayamba ndi kudzifunira yekha cholinga cha moyo. Amachipeza chitakonzedwa kale ndi mbumba, nthaka ndi chipembedzo, ndipo funso limamveka mokweza chimodzi mwa izi chikagwedezeka.

Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao, mitundu ikuluikulu ya maboma awiriwa, onse amawerengera mtundu kuchikazi. Mwana ndi wa kwa amayi ake. Munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, mwamuna akakwatira amakamanga kwa mkazi, ndipo woimira ana pa mlandu, pa ukwati ndi pa maliro ndi malume, mwinimbumba. M'dongosolo lotere mwana amapeza ntchito yake ikumudikira asanayambe n'kulankhula komwe. Wamkazi ndiye mudzi: adzabereka, adzasunga munda, adzasamala amayi ake akadzakalamba. Wamwamuna adzakhala nkhoswe ya alongo ake ndi ana awo. Kuchinamwali alangizi samufunsa mwana kuti akufuna kudzakhala ndani. Amamuuza chimene ali kale, ndi mmene munthu wotero amakhalira pamaso pa akulu, pa apongozi ndi pa siwa.

Ngakhale imfa siidula ntchitoyi. Womwalira amalowa m'gulu la makolo amene amakumbukiridwa ndi nsembe, ndipo dzina lake limapatsidwa kwa mdzukulu. Gule wa tchopa, amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika padziko lonse mu 2014, poyamba sanali wosangalatsira alendo pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde. Ankavinidwa pothokoza mizimu zokolola zikachuluka kapena ulenje ukayenda bwino, komanso popempha chifundo kukagwa chilala kapena mliri. Akatswiri a zaumulungu a dziko lino, monga Augustine Musopole ndi Harvey Sindima, analemba zambiri zokhudza umunthu, koma phata la mfundo yawo agogo athu ankalidziwa kale m'mwambi uja wakuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Yankho limeneli ndi lamphamvu, ndipo amene amalinyoza sanaonepo mmene limanyamulira munthu pa tsiku loipa. Koma lili ndi mtengo wake, ndipo olipira ndi omwewomwewo. Ngati phindu la munthu ndi anthu amene wasiya, nanga wosabereka? Mayi wotere amagwira ntchito zonse za m'mudzi, amalera ana a abale ake, koma pakabuka kusamvana pa malire a munda amakumbutsidwa kuti alibe womusiyira. Nkhalamba imene yatha mphamvu, makamaka ngati achinyamata akumwalira iyo ikadali moyo, imasanduka yokayikiridwa ufiti, ngakhale kuti lamulo la dziko lino limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Ndiye pali mkamwini, amene nkhani yake sitiikamba mokwanira. Amalima munda umene si wake, amamanga nyumba pa malo amene si ake, amabereka ana amene pa mwambo mwini wake ndi mlamu wake. Banja likatha, kapena mkazi akamwalira, nthawi zambiri amanyamula bulangete ndi khasu n'kubwerera kwa alongo ake, kumene zaka zonsezo sanamangeko kanthu. Ofufuza nkhani za malo anaonapo kuti m'madera a chikamwini amuna ambiri amazengereza kubzala mitengo yokhalitsa m'munda wa kwa mkazi. Ena amati ndi ulesi. Ine ndimati ndi masamu: munthu savutikira zipatso zimene sakudziwa ngati adzaloledwa kuthyola. Kale mwamuna wotere ankapeza ulemu kwawo ngati malume. Lero sukulu, mpingo ndi makhoti zimamuuza kuti udindo wake uli pa ana obereka yekha, pamene alongo ake akumuyembekezabe pa fizi ndi pa matenda. Akukokedwa mbali ziwiri, ndipo mbali zonse zimafuna ndalama.

Mbumba imayenda bwino pamene pali nthaka yoti aliyense agawiridwe, ndipo apa ndi pamene Mulanje ndi Thyolo zimasiyana ndi madera ena ambiri. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje mu 1891, Henry Brown ndi amene amatchulidwa ngati woyambitsa, ndipo pofika m'ma 1920 maesiteti monga Satemwa, imene inayamba mu 1923, anali atakhazikika ku Thyolo. Alhomwe ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kuyambira m'ma 1890, pothawa ntchito yokakamiza, misonkho ndi njala. Anapeza nthaka yabwino ili kale m'manja mwa azungu, ndipo kuti apatsidwe poika nyumba ankayenera kugwira thangata. Thangata yemweyu ndi mmodzi mwa madandaulo amene anautsa John Chilembwe ku Chiradzulu mu 1915, ndipo mu 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zimene gwero lake linalinso malo. Thangata anathetsedwa m'malamulo mu 1962, koma malire a maesiteti sanasunthe kwenikweni. Anthu ndiwo anachuluka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 684,000 ku Mulanje ndi oposa 721,000 ku Thyolo.

Tsono taganizirani munda wa gogo mmodzi wogawidwa kwa ana aakazi anayi, aliyense n'kudzagawiranso ake. Pofika kwa mdzukulu patsala kachigawo kokwana mizere ya chimanga, nandolo ndi chinangwa chosafika ngakhale mwezi wa Okutobala. Mudzi ukumuuzabe mtsikanayo kuti ndiwe mwini nthaka, koma nthakayo siingamudyetse. Pakati pa 2004 ndi 2011 boma, ndi thandizo la World Bank, linayendetsa ntchito ya Kudzigulira Malo, imene inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera m'maboma awiriwa, kupita ku Mangochi, Machinga ndi madera ena. Minda anaipeza yaikulu. Koma kusamuka kotere kumatanthauza kusiya manda a amayi ako, mfumu imene imadziwa mtundu wako, ndi anthu amene akanadzakulira. Pepala la pulojekiti limawerenga mahekitala, izi silingaziwerenge.

Pamene munda wachepa, ntchito yolipidwa imalowa m'malo. Wothyola tiyi ali ndi ulemu wake: amadya thukuta lake, sapempha. Koma ntchito yambiri ya m'maesiteti ndi ya nyengo. Imachuluka mvula ikamagwa, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, kenaka ambiri amauzidwa kuti adikire. Ndipo chitsamba cha tiyi chimakhala zaka makumimakumi, kuposa amene anachibzala, koma sichisiyiridwa mwana wa wothyola. Ntchito yotere imadyetsa lero. Kumanga nayo mawa n'kovuta.

N'chifukwa chake msewu wa ku Joni sunazirale. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, mpaka ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974 n'kupha Amalawi 74, pamene Kamuzu Banda anaimitsa kaye ulendowo. Zidzukulu zawo zikukwera mabasi kupita ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Kumeneko cholinga cha moyo chimaoneka ndi maso: malata 30, njinga yamoto, fizi ya mlongo, foni ya amayi. Amene zamuvuta amachita manyazi kubwerera chimanjamanja, amasiya kuimba foni, n'kusanduka mtchona. Koma taonani chimene chimachitika mmodzi akamwalira kumeneko. Anzake, ena osamudziwa n'komwe, amasonkha ndalama zambirimbiri kuti thupi libwere kumudzi. Munthu amene moyo wake wonse wauchikulire unathera kunja amayenerabe kudzagona pakati pa abale a amayi ake. Yankho lakale lija likadagwirabe, ngakhale kwa amene analithawa.

Chipembedzo chinabwera ndi yankho la mtundu wina. Ku Malamulo, kufupi ndi Makwasa, a Seventh-day Adventist akhalako kuyambira 1902. Ku Mulanje Mission kuli a CCAP, ndipo Akatolika ndi Asilamu ali ponseponse. Amasiyana pa zambiri, koma pa funso ili amayandikana. Katekisimu wa Westminster wa 1647, amene mipingo ya Chipresibeteriya inatengerako chiphunzitso, amayamba ndi funso lomweli, n'kuyankha kuti munthu alipo kuti alemekeze Mulungu ndi kukondwera naye kosatha. Akatolika amaphunzitsa ana kuti tinalengedwa kuti timudziwe Mulungu, timukonde ndi kumutumikira. Korani imati anthu analengedwa kuti apembedze Mlengi wawo. Chachilendo m'mayankho awa n'chakuti sadalira ana, munda kapena mudzi. Wosabereka, mkamwini, wobwera, onse ali ndi mtengo wofanana. Ndikhulupirira kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mayi amene kumudzi amanyozeka amatha kukhala mzati wa Mvano kapena wa Dorika: kumeneko amaitanidwa ndi udindo wake, osati ndi chiwerengero cha ana.

Baibulo lomwelo lili ndi mabuku amene salonjeza zambiri. Mlaliki amati zonse n'zachabechabe, wanzeru ndi chitsiru amafa chimodzimodzi, ndipo Yobu sanauzidwe chifukwa chimene anavutikira. Abusa akale ankawawerenga mabuku amenewa mosawachotsa ululu. Masiku ano kwachuluka ulaliki wina, wa m'matenti ndi m'makalasi a sukulu Lamlungu masana, umene umati Mulungu anakulembera tsogolo la chuma, ndipo ngati sukuliona ndiye kuti wina analimanga. Ulaliki umenewu umakoka anthu chifukwa umalankhula za njala yeniyeni. Koma ndimauona ngati woopsa pa zifukwa ziwiri. Umasandutsa cholinga cha moyo kukhala galimoto ndi nyumba ya mpanda, kotero wosauka amasauka kawiri, m'thumba ndi pamaso pa Mulungu. Ndipo ukati wina anamanga tsogolo lako, chala chimaloza kwa ndani? Kawirikawiri kwa gogo uja wa kuseri kwa nyumba.

Pali nthawi ziwiri m'mbiri yaposachedwa pamene mayankho onsewa anayesedwa pa anthu ambiri nthawi imodzi. Yoyamba ndi ya Edzi. M'ma 1990 Thyolo linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Amene ankamwalira anali a msinkhu wobereka ndi wolima, ndipo agogo ankaika ana awo n'kuyambanso kulera zidzukulu, dongosolo lonse la mbumba litatembenuzika. Bungwe la zachipatala la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito m'bomali mu 1997, mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kumeneko mu 2003, ndipo boma linayamba kuwapereka ulere m'dziko lonse mu 2004. Zitatero kunaoneka chinthu chimene sichikambidwa kawirikawiri. Anthu amene anali atatsanzika kale, atagawa ana kwa abale, atagulitsa mbuzi ndi njinga, anadzuka. Moyo unabwerera, koma mwamuna anali atapita, katundu atatha, anansi atawazolowera ngati maliro oyenda. Ambiri mwa amene anaimanso bwinobwino anali amene analowa m'magulu othandizana, n'kumayendera odwala anzawo, kuwakumbutsa kumwa mankhwala, kuwaperekeza kuchipatala. Viktor Frankl, dokotala wa maganizo wa ku Vienna amene anapulumuka m'ndende za chipani cha Nazi, anaona zofanana: munthu amapirira zoopsa ngati akudziwa kuti pali wina, kapena ntchito ina, imene ikumudikira. Amayi a m'magulu aja sanamvepo za Frankl, koma ankadziwa kuti Lachitatu pali wodwala amene akuyembekezera phala.

Yachiwiri ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Madzi, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Thyolo ndi Blantyre. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, ena oposa 500 sanapezeke. Akuluakulu anakumbukira za ku Phalombe mu 1991, nthawi imene dera limenelo linali mbali ya boma la Mulanje, ndipo dzina la Napolo linamvekanso. Ena anati mizimu ya m'phiri yakwiya, ena anati ndi chifuniro cha Mulungu, ena anati mitengo inatha m'mapiri ndipo nyengo yasintha. Munthu mmodzi yemweyo amatha kukhulupirira zonse zitatu, ndipo si umbuli ayi. Za mitengo ndi nyengo zimafotokoza mmene phiri linagumukira, ndipo ziyenera kumvedwa chifukwa ndi zokhazo zimene tingachitepo kanthu. Koma sizimuyankha bambo amene anatsala yekha pa banja la anthu 7 chifukwa usiku umenewo anagona ku geni. Iye sakufunsa za kuchuluka kwa mvula. Chowawa kwambiri chinali cha mabanja amene sanapeze thupi. Popanda manda palibe poika nkhata, palibe potsirizira maliro, ndipo womwalirayo sanaperekezedwe kwa makolo monga mwambo umafunira.

Sukulu inabwera ndi lonjezo lakelake: limbikira, udzapeza ntchito, udzakhala munthu. Kuyambira 1994, pamene pulayimale inakhala yaulere, ana ambiri analandira lonjezo limeneli kuposa ntchito zimene zilipo. Mnyamata wa satifiketi ya MSCE amaona khasu ngati kugonja, ntchito ya mu ofesi palibe, ndipo pa Facebook akuona anzake atatsamira galimoto za mabwana awo ku Joni. Agogo ake ankavutika kuposa iye, koma ankavutika mofanana ndi aliyense wowazungulira, ndipo palibe anawalonjeza zina.

Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimafanana pakamwa. Kufunsa kuti moyo n'chiyani si matenda. Munthu wamaganizo abwinobwino amafunsa, makamaka akaferedwa, ntchito ikatha kapena akamakalamba, ndipo kumuthamangira ndi vesi asanamalize kulankhula n'kumutseka pakamwa. Koma pali pena pamene mawu oti "bola kufa" salinso funso. Munthu akasiya kudya ndi kugona bwino kwa milungu, akamadzipatula, akayamba kugawa zinthu zake kapena kunena kuti "mundisamalire anawa", amenewo angakhale matenda a maganizo, ndipo ali ndi chithandizo. Zipatala za boma za m'maboma zili ndi ogwira ntchito ophunzira za matenda amenewa, ndipo kumufunsa munthu mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira polankhulira. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja.

Sindidabwa nazo. Mayi wa kuno ali ndi mudzi wake, abale ake pafupi, Mvano, banki mkhonde, anzake a pa mjigo, malo ambiri amene kusowa kwake kumaoneka tsiku lomwelo. Mwamuna ali kwa eni, phindu lake likuyezedwa ndi zimene wabweretsa m'thumba, ndipo anaphunzitsidwa kuchinamwali kuti mwamuna salira. Malo ake ocheza ndi pa bawo, pa mpira ndi pa mowa, kumene anthu amaseka zambiri koma sakambirana za ngongole. Ndalama ikasowa, zonse zimene zinkamuuza kuti ndi wofunika zimasowera limodzi.

Nkhaniyi ikusinthanso kuchokera kumbali imene ambiri sakuiyang'ana. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, limalola kuti munda wa m'mudzi ulembetsedwe, mwini wake n'kukhala ndi pepala. Kumadera a chikamwini funso n'lakuti papepalapo palembedwe ndani: mkazi yekha monga mwambo, mkazi ndi mwamuna wake, kapena mbumba yonse kudzera mwa malume? Likalembedwa dzina la mkazi yekha, mkamwini watsimikiziridwa ndi boma kuti ndi mlendo. Akalembedwa onse awiri, alongo a mkaziyo amaopa kuti nthaka ya amayi awo idzatuluka m'mtundu banja likadzatha. Mabanja ena ayamba kuzemba vuto lonseli pogula malo kwina, pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena pa Limbuli, kumene si kwa mkazi kapena kwa mwamuna, ndipo ana obadwira pamenepo akukula akudziwa bambo awo kuposa malume.